Chidindo cha Amayi

12 Okotobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino uko mudathawira. Kuno tili moyo, kupatula loko wa kukhitchini amene wayamba kutopa.

Mukudziwa kuti Bwanamkubwa, mwana wa achimwene uja, sakhuta. Akamaliza mbale yake amayang'ana ya mnzake ngati sanadyepo chibadwire. Amayi anali atagamula kale mlandu: kwathu kulibe zotere, zachokera kwa alamu, achimwene awabweze kwawo. Achimwene, mwa masiku onse, anangokanda mutu.

Lachiwiri ndinaperekeza alamu kuchipatala kukamva zotsatira za magazi, poti digiri yangayi inali isanagwirepo ntchito ina. Adokotala anafotokoza kuti malangizo amene mwana amatengera kwa makolo amabwera awiriawiri, ndipo ena amakhala ndi kachidindo kowatseka pakamwa. Pamalo ena ake, ochokera kwa mayi amakhala otsekedwa, a bambo ndiwo amayankhula. Tsono mwamuna asanapatsire mwana zimene analandira kwa mayi ake, thupi lake limayenera kufufuta chidindo chakalecho. La achimwene silinafufute. Mwa mwanayu mbali zonse zili duu, palibe chomuuza kuti wakhuta. Adokotala anatsindika kuti si mlandu wa munthu, zimangochitika.

Achemwali, ndinadziluma mlomo. Achimwene sanayambe atsutsapo amayi, mpaka magazi awo omwe akuopa kufufuta mawu awo!

Pobwerera ndinali nditanola kale lilime loti ndikawauze amayi, koma alamu anandigwira mkono pageti. "Mukawauza, mawa adzamuyang'ana bwanji mdzukulu wawo? Ine kunyozedwa ndinazolowera. Iwo sangapirire."

Titalowa anagwada, n'kuuza amayi kuti kuchipatala akuti palibe wolakwa, koma mwanayu akufunika munthu wolimba mtima wosunga kiyi wa kukhitchini, ndipo sakudziwa wina woposa apongozi awo. Amayi analandira udindowo ngati mendulo. Achimwene anatsokomola, n'kunena kuti mkazi wawo sapita kulikonse. Ndinachita kuyang'ana ngati mwalowa mlendo.

Pano kiyi ali pachingwe m'khosi mwa amayi, ndipo zobweza munthu sakuzitchulanso. Dzulo ndinawapeza akulira pakhonde atamumana mdzukulu buledi, alamu akuwasisita pamsana.

Chonde izi zithere pakati pathu. Mukamatumiza kanthu, maswiti ayi. Alamu agulireni nsapato zabwino, ayenda mokwanira ndi mwanayu.

Moni kwa bambo a kunyumba ndi ana. Amayi akuti ndikuuzeni kuti magazi akwathu apezeka oyera. Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu,
Wa digiri uja