Chipinda cha Bishopu

Lachiwiri, 14 Januwale

Chisanu cha lero, ayi ndithu. Nyanja yaundana gwa kuyambira padoko mpaka komwe maso alekeza. Amene akukondwa nazo ndi Bishopu yekha, nsomba yanga. Wameza tizidutswa ta nsomba ya heringi, wabwerera pansi pa mwala wake m'thanki, milomo yogwa ngati chopereka chachepa. Mimba yafiira psuu. Nyengo yake ndi ino.

Masana foni. Kinga, mwana wanga, ali ku Toruń. Mawu apansipansi, khanda likulira kumbuyo. "Amayi, ndingabwere ndi Tosia tidzakhale kwanuko kaye? Waldek wayambiranso."

Kuyambiranso kwa mwamuna wakeyo ndikukudziwa. Chaka chatha anamugulula dzino lakutsogolo.

Ndiye ine, chitsiru cha nkhalamba, ndayankha chiyani? Osati "bwera lero lomwe." Ndangoti, "Aa, kachipinda kaja..." Mutu unathamangira kuthanki, pakamwa n'kutsatira. Iye wamva. "Zoonadi, ndinaiwala. Muli nsomba yanu." Wadula.

Ndaimba, ndaimbanso. Sakuyankha.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndikungozungulira m'nyumba. Khitchini, khonde, khitchini.

Kachipinda ka Kinga kakale ndi ka Bishopu tsopano, chaka chachinayi. Chitsulo chotenthetsera ndinachitseka, zenera silitsekedwa. Nsomba ya pansi pa nyanja yozizira. Madzi akangofunda pang'ono imayamba wefuwefu ngati galu. Nyumba yonse imazizira chifukwa cha zenera limenelo, ine ndinazolowera majuzi awiri. Khoma lada ndi chinyezi. Khanda la mwezi umodzi muno? Chibayo sabata yomweyo.

Thanki kuisuntha n'zosatheka, anailowetsa amuna anayi ili yopanda madzi. Kubafa ndi kukhitchini kumadutsa mapaipi a madzi otentha a nyumba yonse, ndi uvuni weniweni. Pakhonde madzi angaundane. Ndaganiza zonse, zonse zikukana.

Zaka makumi atatu ndinadula mitu ya nsomba kufakitale. Sindinaiyang'anepo nsomba m'maso. Bishopu uyu, a Alojzy, msodzi wa nyumba yapansi, anamupeza muukonde, ankafuna kuponyera mbalame. "Tambala wa mdyerekezi uyu, ngakhale mphaka samudya." Mutu waukulu, minga, khungu ngati chule. Nditamugwira anang'ung'udza m'manja mwanga, ng'uuu, thupi lonse kunjenjemera. Nsomba yoyamba kundiyankha.

Ndimamukonda. Ndalemba, palibe awerenge. M'mawa ndikalowa amatembenuza maso okha, osasuntha thupi, ndipo ine ndimamuuza zanga zonse.

Kinga zii.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndaimbira kunyumba yoonetsera nsomba kumzinda. Kamtsikana kamawu okoma: "Zamtundu umenewo tili nazo zambiri, agogo." Agogo ako ndani? Ndadula ndisanatukwane.

Mauthenga kwa Kinga akuoneka kuti wawerenga. Yankho palibe. Mtima unandikanika, ndaimbira Waldek. Wayankha msangamsanga, mawu onona ngati batala. "Apongozi! Kuno zonse zili bwino. Kinga wangotopa, mukudziwa mmene amakhalira amayi a makanda. Bwanji nsomba ija?"

Ndiye kuti anamuuza. Kapena iye anali chiimire pakhomo, kumvetsera. Wafunsa za nsomba akuseka, galu ameneyu. Akudziwa kuti mkaziyo alibe kolowera, ndipo amene watseka chitseko ndi ine.

Supu yapserera pamoto. Ndapukuta galasi la thanki kawiri, linali loyera kale. Bishopu kundiyang'ana ngati akuti mayi iwe wapenga.

Loweruka, 18 Januwale

A Alojzy abwera ndi sipanala. Agwada pachitsulo chotenthetsera, mawondo kulira. Agogoda kampopi, apukusa mutu. "Mayi Lucyna, aka kanapakidwa penti nthawi ya chikomyunizimu. Ndikakatsegula sikatsekekanso mpaka amisiri adzazimitse nyumba yonse m'chilimwe. Mwaganiza bwino?"

Ndati mawa, tikakabwezera Bishopu kunyanja.

"Mawa, mawa. Nsomba mwaidyetsa ndi foloko zaka zonsezi ngati nduna. Kunyanja akaipatsa foloko ndani?" Ndawafunsa ngati ikakhala ndi moyo. Akanda chibwano nthawi yaitali. "Izi n'zouma mutu, sizifa wamba. Koma sindikulonjezani kanthu."

Amwa tiyi ataimirira, jekete osavula. Potuluka: "Mwana wanu ndinamunyamulapo paphewa kupita naye kudoko, ankaopa nkhanu. Ine ndikanakhala inu sindikanadikira Lamulungu."

Ndinafuna kuwagenda ndi kapu. Chifukwa akunena zoona.

Bishopu ndamupatsa heringi yense, wonona, osadula bwino. Wameza mpaka mchira kutsalira panja. Dyera lake lomwe lija.

Lamulungu, 19 Januwale

Misa sindinaimve. Ndinangoona pakamwa pa wansembe pakuyenda.

Titaweruka, ndowa. Kumugwira kunavuta, anakanirira pansi pa mwala, minga yonse njo. Wandibaya chala, magazi. Wang'ung'udza ngati tsiku loyamba lija. Ndavundikira ndi thaulo.

Pafupi ndi gombe madzi ndi osaya, choncho tinayenda mtunda pamwamba pa nyanja youndana, a Alojzy patsogolo ndi chobowolera, ine pambuyo ndi ndowa, madzi akukhavukira m'nsapato. Mphepo yocheka nkhope. Amuna a mbedza ali khale pazidebe zawo, aliyense pabowo lake, botolo m'thumba. Atiwona.

"Alojzy, wapeza mkazi wokunyamulira nsomba usanagwire n'komwe?"

Wina wadzasuzumira m'ndowa, wafuula kwa anzake: "Bwerani muone! Ife chiyambire m'mawa tikuvutika kutulutsa, mayi awa akudzalowetsa!" Kuseka konse. Wina akuti ndimugulitse akaopsezere apongozi ake. Ndawauza kuti nkhope zawo n'zokwanira kale.

Bowo linachepa, mutu wa Bishopu sukanalowa. A Alojzy anabowola lina pambali n'kuphwanya pakati. Ndagwada. Ndamutenga ndi manja, magolovesi nditavula. Ndamuika m'madzi akuda bii. Sanapite. Anangoyandama pomwepo, zipsepse tambalale, maso ali kwa ine, kudikira foloko. Ndinachita kumukankha ndi chala pamutu.

Watsika pang'onopang'ono. Kufiira kwa mimba, kenako palibe.

Amuna aja anasiya kuseka. Mmodzi anandipatsa botolo. Ndamwa. Ndalira pamaso pa zidakwa, ine Lucyna.

Madzulo a Alojzy atsegula kampopi. Kanalira kwee, mapaipi n'kuyamba kugogoda. Ndatseka zenera, chogwirira chinachita dzimbiri.

Lachitatu, 22 Januwale

Kachipinda katentha moti ndikuyenda ndi bulauzi yokha. Khoma ndakwecha, ndapaka laimu. Thanki ndakhuthula ndi kapaipi, mchenga ndataya, mwala uja sindinathe, uli pawindo. Kabedi ka mwana ndabwereka kwa mayi a nyumba yapamwamba. Matewera, sopo, kabeseni. Makatani ndachapa.

Zonse zili m'malo. Munthu palibe.

Lolemba ndinalemba: "Chipinda chakonzeka, chafunda, bwerani." Wawerenga. Chete. Dzulo ndinalembanso. Za nsomba sindinatchule, angamve ngati ndikumukumba mtima kuti taona zomwe ndataya chifukwa cha iwe.

M'mawa uno ndapezeka ndaima m'kachipinda ndi mbale ya heringi wodula kale, foloko m'manja. Ndadya ndekha, chiimire.

Kodi wadya kumeneko? Kodi akudziwa kubisala? Ndikufunsa za ndani kodi, nsomba kapena mwana? Onse awiri ali pansi pomwe sindingaone.

Nyumba yopanda phokoso la kapampu ka mpweya ka m'thanki. Sindinkadziwa kuti kankalira chonchi mpaka katasiya.

Lachinayi, 23 Januwale

Waimba. Waldek ali kuntchito. Mawu osalala, okonzekeratu, ngati akuwerenga. "Amayi, musavutike. Wapepesa, walira, akuti ayamba kuonana ndi dokotala. Ndikhala konkuno. Nsomba yanu musaisokoneze chifukwa cha ife."

Akulankhula ngati mlomo watupa. Ndikuudziwa mlomo wa mwana wanga.

Ndati nsomba kulibe.

"Yafa?"

Ndati ayi, ndinakaiponya m'nyanja Lamulungu, pabowo, pamaso pa zidakwa zonse za m'tauni muno. Thanki ili gwa, youma. Kampopi katseguka ndipo sikatsekekanso, kaya ubwera kaya subwera chipindacho chizingotentha chokha mpaka chilimwe.

Ndimamva Tosia akuyamwa.

"Bishopu? Mwataya Bishopu?" Mawu aja osalala anathera pomwepo. Analira ngati ali ndi zaka zisanu, kulira kokoka mpweya. Ine n'kumangoti ndili pano, ndili pano.

Kenako, motsitsa kwambiri: "Amayi, makiyi amapita nawo. Amatikhomera kunja. Ndekha sindingathe."

Waldek amaweruka sikisi. Sitima ya pamtunda ya ku Toruń ilipo masana ano, kusintha ku Gdynia. A Alojzy akuti apita nawo, atenga sipanala ija ndi chitsulo chokanulira mabokosi, akuti chitseko cha m'nyumba zatsopano ndi bisiketi. Apolisi tiwaimbira tili m'njira, afike kapena asafike. Bulangete la mwana, jekete langa lalikulu la Kinga, mankhwala anga a magazi. Ndikulemba mothamanga, cholembera chikuthawa. A Alojzy akugogoda pansipo, akufuula kuti mayi Lucyna sitima sidikira munthu, nsapato ina ili ku