Mtembo Woyetsemula

Loweruka, pakati pa Juni. Kwazizira, koma tsiku layenda bwino.

Ndamaliza buku lomwe ndinagula pa kaunjika ku Boma, la munthu wina wopanga mafilimu achabechabe mwadala. Amafotokoza zolakwika zake zonse mopanda manyazi, ndipo ndaseka ndekha pakhonde.

Masana kunabwera a Nyirenda, achimwene a mkazi wanga, nkhope yakugwa. Iwo ndi anzawo anajambula filimu ndi foni m'chigafa, nthawi yosankha fodya. M'filimumo a Nyirenda ndiwo mtembo, ndipo fumbi la fodya linawayetsemulitsa kawiri anthu ali mkati molira. Amafuna kudula chigawocho filimu isanaonetsedwe kuvidiyo pa Kaluluma mawa.

"Alamu, apongozi anga akuti adzabwera," anatero. "Adzandiyesa chitsiru."

Ndinafunsa kuti aionera kale ndi angati. Anati asanu ndi awiri, ndipo onsewo anapempha kubwereza pomwe mtembo ukuyetsemula.

"Ndiye mukufuna kudula pokhapo pomwe anthu akufuna?" ndinatero.

Anakanda mutu, kenako anavomera kuchisiya. Bukulo abwereka.

Mawa ndikakhala kumbuyo kwa apongoziwo. Ndikufuna ndione ndekha ngati mapewa awo sadzagwedezeka...