Uthenga Umene Sunafike ku Boma

Chadiza,
27 Januwale 2025.

Okondedwa achimwene a Dyson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula yalimbikira, msewu wa ku Pembamoyo ndi matope okhaokha. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ndipo ine sinditha kulimbana nanu.

Mukukumbukira momwe tinagawirana ntchito ya pulogalamu yoitanira ambulansi ija. Inu munatenga seva, kompyuta yolandira mauthenga ija, ine mbali ya m'mafoni a manesi. Ndinu amene munandiphunzitsa kuti uthenga kuchoka m'foni si kufika ayi. N'chifukwa chake ndinakonza kuti netiweki ikaduka, foni izisunga uthenga, kudikira pang'ono, n'kuyesanso. Seva ikayankha kuti ili ndi vuto, kapena ikangokhala chete, pazioneka chofiira ndi mawu akuti, "Sunafike, imbani foni ku boma." Chobiriwira chizibwera pokhapokha seva itavomera.

Sabata yatha mnzanu Simeoni anapita ndi mkazi wake Mailesi ku kiliniki nthawi yake yobereka itakwana. Nesi wapamenepo, mayi Alinaswe, anapeza kuti mwana wagona mopingasa. Anadina pafoni, chobiriwira chinabwera. Iwo n'kuuza Simeoni kuti, "Mtima m'malo, bambo, galimoto ikubwera." Anadikira kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Chonsecho seva inali itazima kuyambira m'mawa, ambulansi ili chiimire pa boma, dalaivala osadziwa kanthu. Pomwe ankaganiza zoimba foni n'kuti galimotoyo itapita kwina. Simeoni anamanga ng'ombe pangolo. Mailesi ali moyo, wagonekedwa m'chipatala ku Chipata. Mwana ndiye anabadwa atamwalira kale.

Nditamva, ndinatenga foni yanga, ndinazimitsa netiweki dala, n'kudina. Chobiriwira! Ndinatsegula pulogalamu, ndinapeza mbali yonse yosamalira zolephera itachotsedwa. Achimwene, amene tingathe kusintha pamenepo ndife awiri basi. Ndinaimbira Mathews wa muofesi mwanu, ndipo atazungulirazungulira anati, "Anachotsa ndi achimwene ako, tsiku lija kunabwera alendo otithandiza. Anati zofiira zitichititsa manyazi, adzabwezeretsa alendo akapita."

Kuiwala ndikanakumvetsani, munthu amaiwala. Koma pamsonkhano wapafoni uja, mabwana atafunsa chinachitika n'chiyani, ndinakumvani ndi makutu angawa mukuti, "Mbali ya m'foni ndi ya Prudence, mwina sanaiyese bwino." Ndinadikira kuti muwonjezera mawu ena. Simunatero. Ine ndiye sindinaphunzire kutsutsa achimwene anga pagulu.

Pano andiimitsa ntchito. Dzana ndinakumana ndi mayi Alinaswe pamsika. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, ine ndinakhulupirira chinthu chako chija," n'kupitiriza ulendo.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Ndalembanso mbali yochotsedwayo pakompyuta yanga, koma anditsekera njira yotumizira. Chonde itumizeni m'mafoni onse msanga, pakuti ku kiliniki ya ku Zingalume ndi kwina konse manesi akudalirabe chobiriwira chabodzacho. Amene ndili ndi manambala awo ndawachenjeza, koma si onse. Chachiwiri, kauzeni mabwana zoona ndi pakamwa panu. Sindifuna kuti azimve kwa ine.

Amayi sadziwa kanthu. Ndinawauza kuti ndili patchuthi. Akukupatsani moni, akuti musamadzipanikize ndi ntchito, ndipo akusungirani nkhuku yoti mudzadye pa Pasaka. Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali awo awasowa.

Simeoni nayenso ndinamuona dzulo akukwera minibasi ya ku Chipata. Wati ndikupatseni moni, ndiponso ndikuthokozeni kuti ngakhale muli kutali simuiwala kwanu. Ndinalonjeza kuti ndipereka, ndiye ndapereka.

Ndine mlongo wanu,
Prudence.