Ndasayina ndekha, achimwene

Gazipur,
Lachisanu, pa 6

Okondedwa achimwene a Mokbul,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Shahida ndi ana. Amayi bondo lija likuwalola kuyenda? Nanga madzi aphwera kumunda wa mpunga? Kuno mvula yatikwana, popita kufakitale tikuvuula matope ofika m'maondo. Tumpa ndi Rumki ali bwino, akupita kusukulu. Ine ndiye mukudziwa kale, sindili bwino.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni simundipatsa mpata. Ndikangotsegula pakamwa, inu mwafika kale poti ndidikire amuna anga. Pepala silidula munthu mawu, choncho muwerenge mpaka kumapeto.

Mwezi watha ndinakomokanso pamakina osokera. Kuchipatala chathu chaching'ono chija, adokotala, mayi wachikulire wosaseka ndi munthu, anandiuza kuti chotupa cha m'chiberekero chakula, ndipo ndicho chikundithera magazi. Akuti opaleshoni isachedwe. Ayesetsa kuchotsa chotupa chokha, koma zikavuta achotsa ndi chiberekero chomwe.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi ichi. Ndisanafike n'kunyumba komwe, kalaliki wa pawindo anali ataimbira kale a Delwar, akulu awo a amuna anga, poti amuna angawo, a Jahangir, popita ku Oman anasiya nambala ya akulu awowo pakhadi langa. Anawafotokozera zonse za m'mimba mwanga ngati akunena za ng'ombe yodwala. Pofika madzulo apongozi anali atamva. Anandiimbira kuti chiberekero chimenecho asachikhudze munthu, ati mwana wamwamuna sanabwere, ndizimwa za asing'anga n'kupirira. A Jahangir nawo mukuwadziwa, amayi awo akatsokomola iwo amati ndi lamulo. Akuti tidzaona akabwera chaka chamawa.

Nditabwerera kukalembetsa tsiku, kalaliki yemweyo anandikankhira pepala, ati chemwali, pitani mukatenge mwini wanu adzasayine. Ndinamufunsa ngati ndine mbuzi kuti ndikhale ndi mwini. Iye n'kuseka, ati pano dzanja lovala zibangili silisayina za opaleshoni. Anthu a pamzere nawo anaseka. Ndinachita manyazi, ndipo misozi inali pafupi.

Ndinakhala pabenchi maola atatu, osadziwa kolowera. Pakhoma pamenepo pali chikwangwani chofwifwa, china chabisika ndi kalendala. Poti ndinalibe chochita, ndinasuntha kalendalayo n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, monga mwa sukulu yanga yothera panjira. Chikuti wodwala wamkulu ali ndi ufulu wouzidwa matenda ake, wosungiridwa chinsinsi, ndiponso wovomera kapena kukana yekha chithandizo. Achimwene, zaka zinayi ndakhala ndikutsamira khoma limenelo osadzutsa mutu.

Ndinalowa kwa adokotala osaitanidwa, ndipo ndinanena zonse. Anamuitana kalaliki uja n'kumukalipira ine ndili pomwepo. Koma musaganize kuti ine ndinatuluka woyera. Anandifunsa ngati ndinawerenganso mbali inayo, ya udindo wa wodwala. Anatsegula khadi langa n'kundionetsa masiku awiri amene ndinajomba kuchipatalako poopa a kapitawo kuntchito, ndi mapiritsi owonjezera magazi amene ndinasiyira panjira. Kenaka anafunsa za asing'anga, ndipo ndinavomera kuti ndamwa zitsamba miyezi itatu osawauza. Ati mayi inu, ufulu mukuufuna ndithu, koma mukamatibisira zoona mudzatifera patebulo, anthu n'kumati takuphani ndife. Ndipotu sananame.

Ndasayina ndekha. Tsiku la opaleshoni ndi Lachinayi, pa 19. Ndikudziwa kuti mukwiya, ndipo mwina kwa apongozi sindidzapondakonso ndi ulemu. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ana anga awiriwa, ngakhale ndi aakazi, akufunika mayi wamoyo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Wodwala amayenera kubweretsa anthu awiri opereka magazi tsikulo lisanafike. Akapanda kutero dzina amalichotsa pamndandanda, adikirenso miyezi itatu, ndipo adokotala akuti miyezi imeneyo ine ndilibe. Anzanga asanu amene timasoka nawo anapita kukayezetsa. Anayi anawabweza, akuti nawonso magazi awo ndi ochepa. Rokeya yekha ndiye anapereka. A Delwar, amene akudziwa matenda anga kuposa mwini wakene, akuti amaopa singano. Inu ndi ine magazi athu ndi a gulu limodzi, paja anatiyeza tonse pa matenda a malemu bambo.

Sindikupempha chilolezo, achimwene, nthawi yake inapita. Ndikupempha kuti mukwere basi ya m'mawa Lachiwiri pa 17, ndipo mudye mokwanira musananyamuke. Mndandanda amautseka Lachitatu masana. Mukafika mudzandikalipire mmene mungafunire, ndidzakhala chete n'kumamvetsera, bola mukatero mkono mutautambasulira kale anamwino.

Mundiperekere moni kwa amayi. Nkhaniyi muwauze mwanzeru atakhala pansi, ndipo azindipempherera. Moni kwa alamu a Shahida, kwa atsibweni a kutsidya kwa mtsinje, kwa azakhali ndi ana onse. Tumpa ndi Rumki akupereka moni kwa agogo awo. Iwowa ndangowauza kuti amalume awo akubwera, ndipo ayamba kale kusesa.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Morjina