Belu Silipita Kutchuthi

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti wadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kuwawa? Mankhwala usamamwe usanadye. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo.

Sukulu yanu ija sungaizindikire. Chiitsekereni, holo inasanduka tchalitchi, m'makalasi akusokeramo mayunifolomu, ndipo mulaibulale mwadzaza matumba a simenti. Chatsala ndi belu, kanyumba kathu ka pageti, ndi ine.

Ukukumbukira kuti bungwe la amene anaphunzira pano linawasiyira bambo kanyumbaka pa pangano limodzi: mnyamata wa pasukuluyi akamwalira, galimoto ya maliro izidzera pageti, belu lilire, kenako azipita kumanda. Bambo atatisiya, chingwe chinagwera ine, amene m'makalasimo ndinkangolowamo ndi tsache poti sukulu inali ya amuna okhaokha.

Tsono anyamatawo akalamba, ndipo akutsatana ngati anapangana. Lamya yondiuza za maliro imalira ndili kumsika, ndili kosamba. Ngakhale ulendo wokagona kwina sindiyenda.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanga wamkazi ndi woyembekezera, watopa, masiku ayandikira. Miyendo yatupa, ndipo kuchipatala amuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, asamakhale yekha. Mwamuna wake ndi wa pamsewu, amayendetsa lole. Mwana wangayo anandiimbira akulira kuti amayi bwerani.

Ndinapita kwa a Kaputeni, aja ankatsogolera timu yanu ya mpira, amene tsopano ndi wapampando wa bungwe. Anandilandira bwino, n'kumanditcha mlongo wa anyamata onse. Koma nditanena za ulendo anaseka, akuti belu silipita kutchuthi. Anati mwini simenti akufuna kanyumbaka kuti azigonamo mlonda wake, ndipo maliro akadzangopeza pageti pali zii, iwo sadzatha kunditeteza.

Ndinayesa kuphunzitsa bambo wokonza matayala wa panja pa mpanda. Ndinamuuza kalizidwe ka bambo: kumenya kamodzi, kudikira mpaka kulira kuthere m'makutu, kenako kumenyanso. Anati zimenezo n'zachibwana, iye amamenya zitsulo tsiku lonse. Atabwera maliro a mkulu wina ndinamusiyira chingwe, ine n'kuima pazenera. Mlongo wanga, analiza ngwengwengwe ngati akuitanira anyamata ku chakudya! Osoka anathawa m'makalasi poganiza kuti kwabuka moto. Mnzake wa malemu anati palibe cholakwika, poti malemuwo belu lomwe ankalimvera ndi lomwelo. Anzake anaseka chobisa, koma mayi wamasiye sanaseke. Madzulo a Kaputeni anandiuza kuti zisadzachitikenso.

Chikwama ndinalongedza kale, chili pampando. Matewera ndinachapa, ndinasita. Koma a Loya, amene munkakhala nawo desiki imodzi, ali m'chipatala ndipo akupumira makina. Akazi awo anandiimbira kuti ndisatalikire. Dzulo popemphera ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu oti ngati n'kuwatenga, Ambuye awatenge msanga. Ndinachita mantha ndi ine mwini. Munthuyo sanandilakwirepo.

Chonde bwera, ukhale pano mwezi umodzi wokha. Unapuma pantchito, ana ako akula. Kalizidweko ukukadziwa, unkaima pambali pa bambo. Iwe palibe angakudzudzule, ndiwe mnyamata wa pano. Bedi la bambo ndayala, ndipo chingwe ndachikulunga nsalu kuti chisakusupule m'manja.

Ukakana, ndipitabe. Mwana ndi mwana. Koma pobwerera ndidzapeza katundu wanga panja, ndipo ukonzeretu pondigoneka.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo sawaiwala. Usayankhe pakalata, imba lamya.

Ndine mlongo wako wamkulu,
wa pageti.