Khoma la Kumpoto

Lolemba, 3 Juni

Akuti foni iyi ndizingoyankhula, iyo izilemba. Chabwino, lemba. Ndine Eufemia Tafoya. Khoma la kumpoto la katchalitchi kathu likudwala. Ndagogoda ndi chala, likulira ngati ng'oma. Kuseri kwa simentiko zidina zanyowa, ndikudziwa ine. Khoma la dothi limapuma. Ukaliveka simenti, madzi amalowa koma potulukira palibe. Makolo athu ankalimata ndi manja chaka ndi chaka, zaka mazana awiri osagwa. Mzinda wathu wonse wa Santa Fe unamangidwa choncho.

Lachinayi, 6 Juni

Komiti yakana. Akufuna kungothira simenti ina m'ming'alumo, alendo ojambula zithunzi asaone. Wapampando ndi alamu anga a Onofre, ndipo simentiyo anaika ndi iwowo pamodzi ndi malemu amuna anga mu 1974. Povuta mpamenepo. Akuti, "Alamu, sukulu munalekera kalasi yachinayi, uinjiniya mwauyamba liti?" Anthu kuseka. Ine ndati andipatse hamala, ndiswe malo ngati mbale basi. Ndikapeza pouma ndiziwaphikira nyemba za tsabola mpaka Khirisimasi. Avomera. Dyera.

Loweruka, 8 Juni

Ndaswa. Fungo ngati m'chitsime. Dzanja kulowa mpaka m'chigongono, phala lokhalokha. A Onofre anangovula chipewa. Ndimayesa ndisangalala, koma ayi. M'maganizo ndinaona amuna anga pamakwerero tsiku lija lothira simenti, akuimba, akuti zomatamata tapuma. Nanenso ndinawaombera m'manja. Lemba zimenezo, usadumphe.

Lachitatu, 19 Juni

Msana. Denga talichirikiza ndi mitengo. Zidina mazana atatu zikuuma pabwalo. Dothi, mchenga, mapesi a tirigu, kuponda ndi mapazi. Odziwa kumata tatsala awiri, ine ndi a Cleofas, koma iwo miyendo inakana, amangolamula ndi ndodo ali pampando. Azimayi asanu abwera kudzaphunzira, wina ndi magolovesi. Ndamuvula. Dothi umalimva ndi khungu, ngati lakhuta madzi kapena ayi. Mvula ya Julaye ikalipeza lili lotsegula, khoma lapita. Koma tithana nalo. Ndanena ine.

Lachiwiri, 2 Julaye

Zidina zonse zalowa. Kwatsala kumata komaliza ndi kusalaza ndi chikopa cha nkhosa. A Onofre chichokere tsiku lija amangokankha wilibala. Lero aima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, mpaka ndati mwina akufuna madzi. Kenaka akuti, "Alamu, tandionetsani kagwiridwe kake. Mng'ono wanga kulibe, wokonza ndatsala ndine." Ndawaika dothi m'manja. Akumata mokhotakhota. Ndibwerezamo mawa asanafike. Kapena ayi, pakhale choncho.

Taima kaye foni iwe, mvula ikugunda kumapiri. Malona ofunditsira khoma aja tinaika ku...