Adokotala ati vuto lili m'mutu, apongozi abisa mipeni

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja chaka chachitatu, mwana palibe. Ndimagwira ntchito yosita zovala pa hotela ina, choimirira kuyambira 7 koloko mpaka 5 koloko. Chaka chatha alamu anga, achemwali a amuna anga, anayang'ana zithunzi zathu za ukwati n'kunena za kunenepa kwanga kuti, "Koma diresi ija inapirira." Ndinaseka nawo. Mawa lake ndinasiya kadzutsa, kenako nkhomaliro, n'kuyamba kupita kuntchito chothamanga. Ndatsika makilo 14. Msambo unayamba kudumpha, ndipo pano yatha miyezi isanu ndi inayi osauona.

Poyamba tinasangalala. Amuna anga anagula ndi beseni la mwana lomwe. Ndinayezetsa mimba katatu, palibe.

Kuchipatala anandiunika m'mimba, kunditenga magazi, kundijambula mutu. Adokotala anati chiberekero chili bwino, mazira alipo, chotupa palibe. "Vuto lili muubongo," anatero. "Muli timaselo tina timene timatumiza uthenga kumazira, ndiye tachepetsa kutumiza." Anafotokoza zambiri, mpaka kujambula papepala. Amuna anga anali pomwepo, akugwedeza mutu ngati akumva.

Titafika kunyumba, apongozi anga aakazi, amene tikukhala nawo, anafunsa mmene tayendera. Amuna anga anayankha kuti, "Akuti vuto lili m'mutu." Basi, n'kukayatsa wailesi.

Chiyambire tsiku limenelo mipeni ya kukhitchini imakhala m'chipinda cha apongozi. Tomato ndikudula ndi supuni. Apongoziwo amandilankhula pang'onopang'ono, ndipo chilichonse ndinganene amavomera. Lachiwiri ndinanena dala kuti lero ndi Loweruka, iwo anati, "Eya mwananga, Loweruka." Alamu aja ndinawamva pafoni akuti mchimwene wawo sanakalambe, atha kuyambiranso ndi munthu wolongosoka.

Aphungu, mwana ndikumufuna, banjanso ndikulifuna. Kodi n'kutheka kuti ndine wamisala koma sindikudziwa? Nditani?

E.K., m'tauni muno

Mayi E.K.,

Misala mulibe. Kalata yanu ndi yolongosoka kuposa zambiri zimene zili patebulo langali.

Zimene adokotala ananena ndi izi. Chakumunsi kwa ubongo kuli kagulu ka timaselo ta minyewa. Timeneti timadzuka tonse pamodzi, pafupifupi ola lililonse kapena kupitirira pang'ono, n'kuchititsa kuti kadontho ka homoni, timadzi tonyamula uthenga m'thupi, katsikire ku kachiwalo kena kakang'ono ngati nyemba, komweko m'mutu. Kachiwaloko nako kamatumiza mahomoni ake m'magazi kukauza dzira kuti likhwime. Zikatero timaselo tija timakhala chete kudikira ulendo wina. Kupumira kumeneku n'kofunika, chifukwa homoniyo ikamangotsika osalekeza kachiwaloko kamasiya kumva. Mbuzi, ng'ombe, ngakhale khoswe ali nato timaseloti, ndipo sindinamvepo kuti wina anamangirira ng'ombe chifukwa cha ito.

Timaseloti timatcheranso khutu ngati thupi lili ndi chakudya chokwanira anthu awiri. Inu mukusita tsiku lonse, kuthamanga, kudya kamodzi, komanso kumvera alamu anu. Timaseloti taona kuti ino si nthawi yobweretsa mwana, ndiye tayamba kugwira ntchito mwa apo ndi apo. Kunena zoona, m'nyumba yanuyo ndi tokhato timene taganiza bwino.

Yambani kudya katatu patsiku, ndipo kuntchito muzikwera basi. Mukaona kuti mbale ikukuopsani kapena sikelo ikukulamulani, mukawauze adokotala mosabisa. Limenelo ndi vuto lenileni, ndipo thandizo lake lilipo. Kwa amayi ambiri msambo umabwerera thupi likabwerera, koma zimatenga miyezi, choncho musadzipanikize ndi kalendala.

Tsiku lobwerera kuchipatala mukawatenge apongozi. Mayi amenewa sakudana nanu, akuchita mantha, ndipo akusamalirani matenda olakwika ndi mtima wonse. Akamve okha kuchokera kwa adokotala. Amuna anu akabwereze zimene amva musanatuluke m'chipindamo, chiganizo chonse mpaka kumapeto. Za achemwali awo, owayankha ndi iwowo, osati inu. Muwauze amuna anuwo lero zimene munamva pafoni paja, ndipo muone mmene ayankhire.

Chenjezo langa ndi ili: musagule mankhwala "otsegula msambo" kwa ogulitsa m'misewu. Magazi atha kutuluka dzira osakhwima, inu n'kumayesa mwachira. Musazengerezenso, pakuti kukhala nthawi yaitali osasamba kumafooketsa mafupa.

Pomwe muli kuchipatalako, amuna anu akayezetse mbewu yawo. Chaka chonse choyambirira msambo wanu unkayenda bwino, mwana sanabwere. Timaselo tomweto tilinso m'mutu mwa abambo, ndipo tawoto palibe amene watifunsapo.

Aphungu